Tijambula Masofa, Tigulitsa Mabuku a Agogo

Chaka chatha, mwezi wa September, banja lathu linasonkhana kumudzi kuti tikonze za chiliza cha agogo aamuna. Ndalama tinali titasonkha, simenti inalipo, ndipo wosema mwala ku Chipata anali atatumiza uthenga kuti timupatse mau oti alembe. Tsiku lomwalira tonse tinalidziwa. Titafika pa chaka chobadwa panali zii. Amalume anati 1924. Amayi aakulu anati iyayi, bambo anabadwa chaka cha dzombe. Pa reji ya malemu panali chaka chimene kalaliki wa boma anangoganiza powayang'ana nkhope. Kenaka amayi anga, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anati, "Zonsezi zinali m'Baibulo lija."

Baibulo limenelo linali Buku Lopatulika lachikuto chakuda, lotha m'mphepete, limene agogo anabwera nalo kuchokera ku Wankie kumene anakumba malasha ali mnyamata. Patsamba loyera la kumayambiriro iwo analembapo ndi inki dzina lao, chaka chao chobadwa monga anawauzira aphunzitsi a mishoni, tsiku la ukwati wao, ndi maina a ana ao onse khumi, aliyense ndi tsiku lake. Awiri mwa anawo anamwalira ali makanda, amayi asanabadwe. Ambuya anatisiya kale. Lero palibe wamoyo amene adziwa maina a ana awiriwo, chifukwa anatsala patsamba lokhalo.

Mu 2018, patapita zaka ziwiri agogo atamwalira, kumudzi kunabwera munthu wa galimoto wogula zinthu zakale. Anthu amenewa mumawadziwa. Amafunsa nsimbi za makala, ndalama zoboola pakati za nthawi ya atsamunda, makina osokera ndi mapulaimasi. Msuweni wanga anamuonetsa thiranki ya agogo. Munthuyo anapereka K300 natenga thiranki pamodzi ndi zonse za m'kati mwake: Baibulo, buku la Nyimbo za Mulungu, Nthondo, Mbiri ya Achewa, mtolo wa nyuzipepala za Tsopano, chitupa, ndi kope limene agogo ankalembamo matumba a chimanga ndi mtedza amene anakolola chaka ndi chaka. Dzina lake sitilidziwa, nambala ya foni sanasiye.

Msuweni wangayo sindimuimba mlandu. Inali nthawi ya mvula yoyamba ndipo ndalamayo anaonjezera pa feteleza. Amene ndimuimba mlandu ndine mwini. Chaka chimodzi zimenezi zisanachitike ndinafika kumudzi ndi foni yatsopano. Amalume anali atangofolera nyumba ndi malata, ndipo ndinajambula zithunzi zoposa makumi anayi: masofa, sola padenga, TV, makatani, kabati yagalasi yodzaza mbale zimene palibe amadyerapo. Ndikumbuka bwino kuti thiranki ija inali pakona pabalaza, ndipo ndinauza mwana kuti aikokere kuchipinda chifukwa inkaononga chithunzi. Zithunzi za masofa ndikali nazo. Masofawo anang'ambika kale.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa sindili ndekha. Tsegulani Facebook kapena gulu lililonse la WhatsApp la anthu a kuno ku Chadiza. Mudzaona nyumba zathu m'kati: matailosi, mipando, maluwa apulasitiki, firiji itatsegulidwa kuti anthu aone zili m'katimo. Kumanga nyumba yabwino si tchimo, ndipo munthu amene wavutika ndi thonje ndi soya mpaka wagula sofa ali ndi ufulu wonyada. Koma yang'anani bwino zithunzizo ndipo muwerenge mabuku amene muonemo. Nthawi zambiri simupeza ngakhale limodzi. Si kuti m'nyumbamo mulibe. Ali m'thumba la feteleza pansi pa bedi, ali pamwamba pa khoma pamene padontha, ali m'nkhokwe pamodzi ndi makoswe. Timawabisa ngati wachibale wosauka pa tsiku la ukwati. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa ife ndi chiswe, ndipo chikudya mbiri yathu pamene ife tili pabalaza kufunafuna poima pojambula.

Tiyenera kudziwa chimene tikubisacho. Kuwerenga kuno sikunabwere dzulo. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ya Nsadzu m'dera lathu lino. Makolo athu anaphunzira zilembo m'masukulu audzu a m'midzi, ena polemba ndi chala pansi. Buku Lopatulika lonse linatuluka mu 1922. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, linatuluka mu 1933, ndipo m'zaka za m'ma 1940 iye analembanso Mbiri ya Achewa. Mabuku a ku Nyasaland ankawoloka malire mosavuta chifukwa chinenero ndi chimodzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunakhazikitsidwa bungwe losindikiza mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi, ndipo ufulu utabwera NECZAM inapitiriza ntchitoyo kuno ku Zambia. Ana a sukulu anawerenga Zomfula wa Jacob Zulu, anawerenga Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, anawerenga Fumbi Khoboo! wa Julius Chongo, yemwe uja wa Poceza m'Madzulo pa wailesi. Pitani lero m'masitolo a pa boma mukafunse mabuku amenewa. Mudzapeza makope, zolembera ndi mapepala a mayeso akale. Buku limene lili pansi pa bedi lanu mwina ndi lokhalo latsala m'mudzi wonse.

Komanso buku lakale la m'banja limasiyana ndi linzake la mutu womwewo. Baibulo lina nditha kugula mawa ku Chipata. Koma la agogo linali ndi dzanja la agogo. Anthu a m'badwo umenewo analibe mafaelo, ndiye chilichonse chofunika ankachilemba kapena kuchipana m'buku: tsiku limene mwana anabadwa, ng'ombe zimene anabwereketsa kwa mlamu, khadi ya ubatizo, risiti ya msonkho, kalata yochokera ku Harare kapena ku Joni. Wogula zakale akanyamula buku lotere amakhala atanyamula kaundula wa banja.

Pali kamera inanso imene imalowa m'nyumba zathu, ndipo nayonso ndili nayo mau. Ndi ya alendo a mabungwe ndi ena ongoyenda. Ndinaonapo ndi maso anga, m'mudzi wina kufupi ndi malire a Mozambique, achinyamata awiri a bungwe lina atalowa m'nyumba ya mayi wina wokalamba. Anajambula mphika wakuda ndi mwaye, mphasa yong'ambika ndi denga loonekera kumwamba. Mmodzi anafika mpaka pakhomo la kuchipinda, kumene ngakhale mwana wamkulu wa m'nyumbamo salowa. Pathandala pafupi ndi zenera panali mabuku asanu oikidwa bwino, okutidwa ndi nsalu yoyera. Sanawajambule. Iwo anabwera kudzafuna umphawi, ndipo mayi wodziwa kuwerenga sanali m'nkhani yao. Ife pojambula timafuna kuoneka olemera, iwo amafuna tioneke osauka, ndipo tonse timalambalala chinthu chomwecho.

Mwambo wathu pa nkhani ya nyumba ndi womveka. Mlendo amaima pabwalo nanena odi. Amapatsidwa mpando panja kapena pabalaza, ndipo safika kwina popanda kuitanidwa. Foni siinathetse mwambo umenewu. Amene afuna kujambula m'nyumba ya munthu anene kuti chithunzicho chipita kuti, achionetse kwa mwini nyumba, ndipo akakanizidwa abweze foni m'thumba. Kupatsa munthu neti ya udzudzu sikugula ufulu woonetsa bedi lake ku dziko lonse. Ndipo ife amene timaperekeza alendowa ndi kuwamasulira tileke kuchita manyazi kuwauza kuti apa ayi.

Tsopano ndiyankhe amene atsutsa, chifukwa ndawamva.

Oyamba amati: bola wogulayo, chifukwa iye adzasunga bukulo, pamene kuno likanadyedwa ndi chiswe. Apa pali choonadi chowawa ndipo sindichithawa. Ife tomwe tapichirira fodya ndi masamba a mabuku. Takulungira zitumbuwa ndi mtedza wokazinga. Tayatsira mbaula. Ena tapita nawo kuchimbudzi. Munthu wosonkhanitsa mabuku akale amene amawakonda, amawasamala ndipo amalola ena kuwawerenga, ine ndimamulemekeza. Koma funso ndi lakuti: akasunga, asungira yani? Baibulo la agogo ngati likalipo, lili pashelefu ya munthu amene maina a makanda awiri aja sakutanthauza kanthu kwa iye. Kwa ife n'chimodzimodzi ndi kuti linapsa. Ife a ku Zambia nkhani imeneyi tiyenera kuidziwa kuposa ena. Chigaza cha munthu wakale chimene chinapezeka mumgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, mu 1921 chili ku Natural History Museum ku London. Chasungidwa bwino ndithu. Koma dziko lathu lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere, ndipo mwana wa ku Kabwe sangachione popanda pasipoti. Timadandaula za chigazacho m'manyuzipepala, kwinaku tikuchita zomwezo m'midzi pa mtengo wa K300.

Ndipo malonda otere si achilungamo. Wogula adziwa chimene akugula, wogulitsa sadziwa chimene akugulitsa. Wogula amabwera nthawi imene anthu ali pa njala kapena akusowa ya feteleza. Amapeza mdzukulu yekha pakhomo, ndipo safunsa ngati eni mbumba avomereza. Katundu wa malemu kwathu sagulitsidwa ndi munthu mmodzi. Njinga ya malemu itagulitsidwa motere pakanakhala mlandu kwa amfumu. N'chifukwa chiyani buku lokha lilibe omuyankhulira?

Achiwiri amati: zonse zili pa intaneti masiku ano. Zonse ziti? Baibulo lilipodi pa foni. Koma lembani pa Google dzina la mudzi wanu muone chimene chituluke. Lembani dzina la agogo anu. Intaneti imabweza zimene wina anaikapo, ndipo za Chadiza amene angaziikepo ndife. Lamulo la dziko lino limafuna kuti wosindikiza buku apereke kope ku National Archives ku Lusaka, choncho ena mwa mabuku osindikizidwa angapezeke kumeneko ndi munthu amene ali ndi ndalama ya basi ndi tsiku lonse la ulendo. Koma kope la zokolola la agogo silinapite ku Archives. Linali limodzi padziko lonse lapansi. Munali zaka zoposa makumi atatu za mvula, chilala ndi mitengo ya mbewu m'munda umodzi, zinthu zimene ngakhale alangizi a zaulimi akanakonda kuziona.

Achitatu ndi amene ndimawamvera chisoni kwambiri, chifukwa amayankhula ngati oteteza mwambo. Amati: ife Achewa mbiri yathu ili pakamwa, mabuku ndi za azungu. Zoona, mbiri yathu yambiri ili pakamwa, m'nyimbo, ku dambwe ndi kutsimba, ndipo chaka chilichonse mu August timapita ku Mkaika ku Kulamba kukaona kuti ikali yamoyo. Koma Ntara sanali mzungu. Anayenda kufunsa akuluakulu nalemba zimene anamuuza, chifukwa anaona kuti akuluwo akutha. Agogo anga sanali mzungu. Anthu amene anasunga mbiri pakamwa ndi omwewo amene anatenga cholembera atachipeza. Ndipo pakamwa pamafuna womvetsera. Ndi liti pamene munakhala pansi madzulo onse kumvetsera ambuya anu popanda kuyang'ana foni? Tinasiya kumvetsera, tsopano tikutayanso zolembedwa, ndiye tikutcha zimenezi mwambo.

Ku Timbuktu, m'dziko la Mali, mabanja anasunga zolembedwa pamanja za makolo ao m'nyumba kwa zaka mazana. Mu 2012 zigawenga zitalanda mzindawo, eni ake analongedza zolembedwazo m'mathiranki achitsulo, nazizembetsa pa galimoto ndi pa mabwato mpaka ku Bamako. Anali mathiranki ngati omwewa amene ife timakokera kuchipinda. Anthu amenewo sanali olemera kuposa ife. Anangodziwa kuti chimene chili m'thirankimo ndi chao, ndipo sanadikire boma.

Ifenso tisadikire. Zimene zifunika sizidya ndalama.

Loweruka likudzali tulutsani mabukuwo. Akutumuleni fumbi ndi kansalu kouma ndipo muwayanike pamthunzi, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limaumitsa pepala mpaka kuthetheka. Mapepala ambiri akale anapangidwa ndi mitengo ndipo ali ndi asidi, n'chifukwa chake amasanduka achikasu ndi kuphwanyika. Kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa zimenezi. Musawamange m'pulasitiki, chifukwa chinyezi chikatsekeredwa m'kati amachita nkhungu. Musamate ndi selotepi, chifukwa guluu wake amadetsa pepala ndipo pomata pamadzang'ambika. Akulungeni ndi chitenje choyera, muwaike m'thiranki, ndipo thirankiyo ikhale pa njerwa, yotalikirako ndi khoma, kuti njira ya chiswe muione isanafike. Kapena chotsani mbale zitatu m'kabati yagalasi ija muikemo mabuku, alendo aziwaona.

Kenaka tengani foni yomwe ija. Yalani buku pamphasa pakhonde, masana koma pamthunzi, popanda fulashi. Jambulani chikuto, tsamba la mutu pamene pali dzina la wolemba ndi chaka, ndi tsamba lililonse lokhala ndi dzanja la munthu. Tsamba lonse lioneke, ndipo mukulitse chithunzicho kuti mutsimikize kuti zilembo zikuwerengeka. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati dokyumenti, chifukwa mukatumiza wamba chithunzi chimachepetsedwa ndipo tizilembo tating'ono timafufutika. Tumizani kwa abale atatu okhala malo osiyana, wina ku Lusaka, wina ku Chipata, wina kumudzi. Foni imabedwa ndiponso imagwera m'madzi, choncho masamba ofunika kwambiri mukawasindikize pa boma. Ngati wokalamba amene adziwa nkhani ya bukulo akali moyo, mufunseni ndipo mujambule mau ake tsiku lomwelo.

Pogawa katundu wa malemu, mabuku ndi mapepala azitchulidwa poyera monga zimatchulidwira njinga ndi mabulangete. Banja lisankhe munthu mmodzi wosunga, ndipo onse amve kuti iye ndi wosunga chabe, sangagulitse. Ndipempha mafumu athu, a Mlolo, a Zingalume ndi a Mwangala, kuti auze manyakwawa ao kuti wogula zakale aliyense ayambe waonekera kwa mfumu ya mudzi ndi kusiya dzina ndi nambala ya reji yake. Ogula mbewu ndi ng'ombe timawafunsa mapepala, nanga uyu alekerenji? Mipingo nayonso iyang'ane m'makabati ake. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'mipingo yakale ndiwo kaundula yekhayo wa anthu ambiri amene anabadwa boma lisanayambe kulemba anthu a m'midzi. Achinyamata a kwaya ali ndi mafoni, ndipo atha kujambula buku lonse masana amodzi. Aphunzitsi a Chinyanja atha kuuza ana kuti aliyense abweretse chithunzi cha buku lakale kwambiri la kwao, kuti sukulu ikhale ndi mndandanda wa zimene zili m'midzi yozungulira.

Ndipo ngati mwaganizadi zogulitsa, chifukwa njala ilibe manyazi, musagulitse tsiku lomwelo. Uzani wogulayo abwere mawa. Funsani abale. Jambulani tsamba lililonse lolembedwa pamanja. Chotsani makalata ndi makhadi opanidwa m'kati. Wogula woona mtima adzadikira. Amene akana kudikira wakuuzani kale kuti ndi munthu wotani.

Kwa inu amene mumasonkhanitsa mabuku akale, ngati mukuwerenga pano, ndili ndi pempho. Tsegulani mabuku amene munagula m'midzi ya kuno. Ngati mupeza maina olembedwa pamanja, ajambuleni ndi kuwatumiza kwa mfumu kapena kumpingo wa kumene munagulako. Ngati pakati pao pali Buku Lopatulika lachikuto chakuda lokhala ndi maina khumi patsamba loyamba, bukulo khalani nalo. Ife tikupempha chithunzi cha tsamba limodzi.

Chiliza cha agogo tinachivundukula mu October. Tinagwirizana kuti tisalembe bodza pamwala, choncho pali dzina lao ndi chaka chomwalira, 2016. Pamene pakanakhala chaka chobadwa wosema anasiya posalala. Amayi anamupempha kuti asiyenso malo pansi pake okwanira maina awiri.